Mazira a Wodwala

"Kodi lamba ameneyu waboolanso ndani?"

Anafunsa ndi amayi, ali chigonere pamphasa pakhonde. Lamba wa abambo anali pamsomali pafupi ndi chitseko, ndipo pamene anagonapo ankamuona bwino. Zibowo za kusitolo zinali zozungulira ndi zofanana. Kupitirira pamenepo panali zina zakuda m'mbali, zoboola ndi msomali wamoto. Abambo ankanola nkhwangwa pamwala, ndipo anapitiriza kunola. Ine ndinali nditangofika dzulo lake, choncho ndinadziyesa mlendo amene funsolo silikumukhudza.

Munali m'nyengo yozizira, patatha chaka chichitikire chisankho cha matipate. Ndinali nditamaliza maphunziro ku koleji ku Zomba, ntchito isanapezeke. Pawailesi ankati tsopano tili ndi ufulu wolankhula. Kwathu ku Nsambe ufuluwo unafika msanga kuposa feteleza.

Amayi anga, a Stelia, anafa ziwalo mbali ya kumanzere ndili m'chaka chachitatu ku koleji. Anagwa m'munda wa kachewere. Pakamwa panapotoka pang'ono, koma mawu anabwerera, ndi ukali wake womwe. Mkono ndi mwendo sizinabwerere.

Atatuluka m'chipatala abale anakhala pansi. Achemwali anga a Ellen, amene anakwatiwa ku Blantyre, ankafuna kuwatenga kuti akakhale pafupi ndi chipatala chachikulu. Amalume a Gerishon, eni mbumba, anavomereza. Abambo pamudzi pathu ndi akamwini, ngakhale anafikapo tsitsi lili bii, ndipo pa nkhani yotere mawu awo sankalemera. Sanatsutse. Anangoimirira n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka atawanyamula amayi m'manja ngati mtolo wa udzu, n'kuwakhazika pakati pa anthu.

"Ndikadzalephera kuchita zimenezi, mudzawatenge," anatero.

Amalume anaseka. A Ellen sanaseke.

"Tamva tonse," anatero.

Limenelo ndiye linali pangano, ndipo palibe amene anaona chovuta. Abambo anga, a Laimoni, anali ocheka matabwa, macheka aja a anthu awiri, wina m'dzenje wina pamwamba pa chipika. Iwo ankakhala pamwamba, pokoka. Ndili mwana ndinkalendewera pamkono wawo umodzi, iwo akucheza ndi munthu ngati palibe chikuchitika.

Amene ndinawapeza ulendo uwu anali ena. Shati inkalendewera m'mapewa ngati yayanikidwa pawaya. Wotchi yawo yakufa, imene ankavalabe, inkatsetsereka mpaka pachigongono akakweza dzanja. Podzuka pampando ankayamba aika manja pamaondo, kuwerama, kupuma, kenako n'kudzikankha. Sankatsokomola, sankadandaula paliponse. M'zaka zimenezo munthu akaonda anthu ankanong'onezana, koma za abambo palibe ananong'ona. Ankangoti ndi ukalamba.

Tsiku lililonse ankawanyamula amayi kuchoka pabedi kupita pakhonde, kuchoka pakhonde kupita kuchimbudzi, kubafa, ndi kubwerera. Azimayi a pamudzi anayesa kuthandiza poyamba, koma amayi anati sakufuna kukokedwa ndi anthu anayi ngati ng'ombe yagwera m'ngalande. Awiriwa anali ndi njira yawo. Abambo ankagwada bondo limodzi, amayi n'kukoleka mkono wabwinowo m'khosi mwawo.

"Tiyeni, make Ellen."

"Ndikudikira inu."

Kenako kudzuka. Kudzukako tsopano kunkatenga nthawi, miyendo ikunjenjemera m'buluku. Ndikayandikira kuti ndigwireko, abambo ankandiyang'ana mpaka ndibwerere. Pangano linati iwo. Silinati iwo ndi ine Tamanda.

Ophika analinso iwo, ndipo anthu anali atatopa nako kuseka. Nditafika ndinalanda khitchini. Abambo anandisiyira, koma anayamba andionetsa malire. Pathandala panali dengu lophimba ndi nsalu. M'menemo munali mazira, chitini cha nsinjiro, nyemba, ndi usipa umene ankaitanitsa ku Lisungwi kwa anthu oyenda panjinga.

"Izi n'za amayi ako. Za ife ndi izo."

Za ife zinali ufa, kachewere, mpiru ndi mchere.

Nkhani ya dengulo ndinaimva pambuyo pake. Tsiku lotuluka m'chipatala, adokotala anawauza abambo kuti mapiritsi a kuthamanga kwa magazi asamadumphitse, ndiponso kuti wodwalayo aziwapatsa zakudya zomanga thupi, mazira, nyemba, nsomba, mtedza. Ananena zonsezo mpweya umodzi. Abambo anazisunganso malo amodzi.

M'mawa wina ndinawiritsa mazira awiri. Lina ndinaika m'mbale ya abambo, pambali pa kachewere.

"Ichi n'chiyani?"

"Dzira, bambo."

"Ndaliona. Lasochera."

Analitola ndi zala ziwiri n'kukaliika m'mbale ya amayi.

"Amayi adya kale lawo."

"Ndiye adzadya mawa."

"Mazira si mapiritsi. Amadya aliyense. Inu mukunyamula munthu tsiku lonse, mnofu wa m'mikonoyo mukuganiza uchokera kuti? Kachewere amangodzaza mimba."

"Adokotala anatchula dzina la ndani?"

"La amayi, poti ndi amene anali pabedi."

"Basi. Mankhwala a munthu wina sitimwa. Ku Zomba zimenezo sanakuuzeni?"

"Ndinaphunzira mbiri yakale, bambo."

"Ndiye uzikamba za Apwitikizi. Mazira uwasiye."

Amayi anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, kenako anasiya msanga.

Ndinayesa kuba. Ndinathira nsinjiro pang'ono mumpiru. Abambo analawa kamodzi, n'kukankhira mbaleyo kwa amayi, n'kumaliza nsima ndi mchere. Ndinasinja usipa n'kuusakaniza ndi tomato. Anaumva fungo ndisanafike pakhonde. A Sosten a kutsidya kwa mtsinje atapha nkhumba anatumiza uthenga woti ngati tikufuna tinene, koma ananena mwamwambo chabe. Ankadziwa kuti ndife a Sabata, nkhumba sitidya, mbewa sitidya. Nkhuku zinalipo zingapo, zonse zoikira, ndipo kupha imodzi kunali kuchepetsa mankhwala. Kuzizirako zinkaikira mwaulesi. Ngakhale abambo akanandimvera, dengulo silikanakwana anthu awiri popanda wina kuchepekedwa, ndipo iwo ankalidziwa bwino kuposa ine.

Kenako ndinapeza nzeru imene ndinaiona ngati yakuya. Ndinawapeza akuwaza nkhuni kuseri kwa nyumba. Chikuni chimene kale ankachigawa kamodzi tsopano ankachibwereza, nkhwangwa ikudumpha.

"Tiyeni kuchipatala mawa. Akakuuzeni nanunso kuti muzidya mazira."

Anatsamira mpini.

"Akandiuza choncho ndiye kuti ndine ndani?"

"Munthu wofunika kudya."

"Wodwala."

"Si choncho."

"Ndi choncho. Ndikangokhala pabenchi paja, nkhani ifika ku Blantyre ine ndisanafike pakhomo pano. Nyumba ya odwala awiri. Iwe Ellen ukumudziwa."

Anakweza nkhwangwa. Ndinayang'ana pamwamba pa chigongono chawo, pamene kale pankatukumuka. Khungu linkagwedezeka palokha.

Tsiku lina abambo atapita kukatunga madzi ndinkawapesa amayi tsitsi padzuwa. Anandifunsa osatembenuka.

"Bambo ako adya chiyani lero?"

"Kachewere."

"Dzulo?"

"Kachewere ndi mpiru."

"Ndinayesa kukana kudya za m'dengu, usaganize kuti sindinayese. Ndinatseka pakamwa. Anakhala pomwe wakhala iwepo, supuni m'manja, mpaka dzuwa kupendeka. Iwonso osadya kanthu. Ndinatsegula."

Ndinapitiriza kupesa.

"Kale akandinyamula ndinkatsamira pofewa. Pano phewa lawo limandibaya apa." Anagwira m'munsi mwa khwapa. "Ine ndiye ndikunenepa. Taona mkono uwu. Munthu wosayenda, wonenepa ngati mkazi wa nduna."

"Mukuoneka bwino, amayi."

"Ndikulemera, Tamanda. Usandinamize, sindinafe mutu."

A Ellen anabwera Lachisanu masana osatumiza mawu. Anabwera ndi amuna awo, a Mathews, pagalimoto yaing'ono ya kuntchito. Injini inamveka ikulimbana ndi chitunda kusanaoneke kanthu. Abambo anamvetsera, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka atavala juzi pamwamba pa shati, jekete pamwamba pa juzi, dzuwa likuswa mtengo. M'chifuwa anaoneka ngati kale. Khosi lokha linalibe chovala.

Tinapatsana moni. A Mathews anagwada patali, kumapeto kwa khonde, n'kupereka moni kwa amayi maso ali pansi, monga mkamwini kwa apongozi. Chikwatirireni achemwali anga, a Mathews anali asanawagwirepo amayi chanza, ndipo akakumana panjira wina ankapatuka. A Ellen anatulutsa katundu, shuga, buledi, sopo, chitini cha mkaka wa ufa ndi nkhuku yokonzakonza. Abambo anatenga chitinicho n'kukachiika m'dengu.

"Mkakawo n'wa nonse, bambo."

"Zikomo, mwanawe."

A Ellen anayang'ana khosi lija nthawi yaitali. Kenako anandiyang'ana ine. Ndinapita kukaphika nkhuku, poti ndiwo ya pa Sabata inayenera kupsa dzuwa lisanalowe.

Kutayamba kuzizira amayi anafunika kulowa. Masiku ena abambo ankadikira alendo achoke, koma tsikuli anaimirira anthu onse akuona, mosagwira maondo. Ndinaona nsagwada zawo zikulimba.

"Tiyeni, make Ellen."

Amayi anachedwa kukoleka mkono. Atakoleka, abambo anadzuka nawo. Anadzukadi, ndipo anayenda mpaka pachitseko. Pakhomo pathu pali sitepe imodzi yaifupi, yoti mwana amadumpha osaiona. Anakweza phazi lamanja n'kuliika pamwamba. Lamanzere linakana kutsatira.

Sanawagwetse. Anatsika pang'onopang'ono, ngati munthu wogwada m'tchalitchi, mpaka maondo onse anafika pansi, amayi akadali m'manja mwawo. Anakhala choncho, akupumira m'mwamba.

"Musagwire," anatero. "Ndikupuma chabe."

Tinadikira. Anayesa kudzuka, bondo limodzi linakwera n'kubwerera. Anayesanso. Thukuta linkatsika m'khosi kulowa m'juzi. Mwendo wakufa wa amayi unali utapindikira pansi pa sitepe, ndipo iwo sankaumva.

"Bambo, mwendowo uthyoka," anatero a Ellen.

Tinagwira awiri, ine ndi achemwali, koma pakhomo panali popanikiza ndipo manja a abambo anali atauma pamsana pa amayi. Tinkangokokana. Pamapeto pake a Mathews anavula chipewa n'kuchiika pansi.

"Mundikhululukire, amayi."

Anawerama n'kuwanyamula kamodzi. Amayi anakoka nsonga ya chitenje ndi dzanja labwinolo n'kudziphimba kumaso. Anakhala chophimba mpaka a Mathews atawagoneka pabedi n'kutuluka, ndipo a Mathews sanaime pakhonde. Anapita kukayang'ana matayala a galimoto.

Abambo anatsala chogwada pasitepe. Manja anali akadali otambasuka pang'ono. Ndinawagwira m'khwapa. Zala zanga zinadutsa jekete, juzi, shati, n'kufika pafupa. Ndinali nditakonzekera kulemera, moti ndinatsala pang'ono kugwa nawo chagada.

Dzuwa linalowa ndipo Sabata inayamba. Pa Sabata sitikamba milandu.

Loweruka palibe anapita kutchalitchi. Amayi tinawatulutsa ine ndi a Ellen, wina kumutu wina kumiyendo, mosadziwa ndi mochititsa manyazi. Sanadandaule. Abambo anakhala pampando wawo atavalabe jekete, Baibulo pamiyendo, tsamba lomwelo m'mawa wonse.

Pa chakudya chamasana a Ellen anaika ntchafu ya nkhuku m'mbale ya abambo. Abambo anaitola n'kuiika m'mbale ya amayi. Amayi anaitola ndi dzanja lawo limodzi n'kuibweza. Abambo anaibwezanso. Ntchafuyo inayenda uku ndi uku mpaka inazizira, ndipo inabwerera kukhitchini yathunthu.

Ndikutsuka mbale a Ellen anabwera n'kukhala pamtondo. Anayamba kulira mosatulutsa mawu, kulira kwa munthu wozolowera nyumba zoyandikana.

"Matiresi ogonekapo amayi ali kumbuyo kwa galimoto," anatero. "Ndinabwera nawo. Ulendo uliwonse ndimabwera nawo."

"Ndawaona."

"Iwe bwanji sunanene kuti afika pamenepa?"

"Mukanatani?"

Anapukuta m'maso ndi chitenje.

"Ndikawachotsa amayi, bambo atsala ndani pamudzi pano? Mkamwini wopanda mkazi. Kwawo ku Midzemba kulibe ndi mmodzi yemwe wowadziwa. Ndiwatenge onse? Zipinda ziwiri, ana anayi. Ndiponso bambo sangagone m'nyumba ya mkamwini wawo, iwe ukuwadziwa."

"Akudya kachewere yekha, achemwali. Zonse zili m'dengu amati n'za wodwala."

"Chiyambire liti?"

"Chitulukire amayi m'chipatala."

A Ellen anatembenuka n'kuyang'ana dengulo ngati akuliona koyamba. Zambiri za m'menemo ankatumiza ndi iwo.

Dzuwa litapendeka amalume a Gerishon anafika, atamva kale zonse monga mwa masiku onse. Tinakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa. Tinaimba nyimbo yotsekera Sabata, abambo akutsogolera ndi mawu awo a besi, amene okha anali asanaonde. Amalume anapemphera motalika. Atanena ameni anakonza kukhosi.

"Alamu, pali mawu amene munanena pabwalo pano."

"Ndikuwakumbuka," anatero abambo.

"Ndiye Ellen, nena."

A Ellen anayang'ana zala zawo.

"Sindiwatenga," anatero. "Akhale konkuno. Tamanda alipo mpaka ntchito ipezeke. Ndizitumiza mkaka ndi usipa mwezi ndi mwezi, zokwana anthu awiri. Bambo, mukumva? Anthu awiri. Tipezanso munthu wothandiza kunyamula."

Amalume anatukula mapewa. Iwo ankangofuna nkhani ithe kusanade.

Abambo anayamba kulankhula kwambiri, zimene sankachita. Anati anangoterereka basi. Anati sitepeyo inasalala ndi mvula ya chaka chatha ndipo mawa aigumula, athire dothi kuti pakhale potsetsereka. Anati wothandiza sakufunika, koma ngati ana aumirira sakana. Anafunsa a Mathews za msewu, za mtengo wa petulo, za ana kusukulu yaulere, ngati akukhala m'kalasi kapena pansi pa mtengo. Anamasula mabatani a jekete. Anaseka nthabwala ya amalume imene sinali yoseketsa.

"Mkakawo ndizilawako," anatero. "Pang'ono. Ukatsala."

Amayi nthawi yonseyi anali chigonere, akuyang'ana kudenga la khonde. Anadikira mpaka abambo atatha mawu.

"Ellen."

"Amayi."

"Sutikesi yanga ili pansi pa bedi. Uikemo zitenje zonse, juzi, ndi nsapato zakutchalitchi."

Abambo anatembenuka.

"Make Ellen, simunamve? Mwana wanena kuti mukhala."

"Ndamva zimene wanena."

"Nanga sutikesi ya chiyani?"

Amayi sanawayang'ane. Anakonza chitenje pamwendo wakufawo ndi dzanja labwino, n'kuchisalaza bwinobwino mpaka pabondo.

"Mawa m'mawa ndikwera nawo galimoto," anatero. "Ndikupita ku Blantyre."